Kodi ndichotse mota yakale ya pagalaja kuti ndizitsegula chitseko ndi foni?

Mayi wina walemba motere: "Bambo, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Kempton Park, ku Joni kuno. Nyumba tikukhalayi tinaigula ili kale ndi mota pa chitseko cha galaja, ndipo mwini wake wakale anatisiyira marimoti awiri. Imodzi inasowa. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti m'mawa ndikangofika pamsewu waukulu, mtima umayamba kukayika ngati chitseko chija chinatsekekadi, moti masiku ena ndimabwerera. Mwana wathu wamkulu amafika kuchokera kusukulu ife tisanaweruke, wamng'ono ali ndi zaka 4. Woika mamota wina akuti tichotse zonse tiike mota yatsopano ya wifi. Bambo a kunyumba akuti tingoitanitsa ku America pa intaneti, n'zotchipa. Ine ndikuopa akuba a makompyuta, ndikuopanso kutsekeredwa magetsi akathima. Ndichite chiyani?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuika ndi kukonza mamota a mageti ndi magalaja, anthu ambiri amene amafunsa za wifi sikuti amalakalaka kutsegula chitseko ndi foni. Amafuna kudziwa, ali kuntchito kapena kutchalitchi, kuti kunyumba n'kotseka. Zimenezo n'zotheka, ndipo kawirikawiri zimatheka popanda kutaya mota imene muli nayo. Koma ndiloleni ndiyambire pa chinthu chimene simunafunse, chifukwa chikapanda kulongosoka, wifi ingokulitsa vuto.

Chimene chimanyamula chitseko cha galaja si mota ayi, ndi sipuling'i. Chitseko chamatabwa cholowa galimoto ziwiri chimatha kulemera kuposa makilogalamu 100. Kamota kapadenga kaja sikanapangidwe kuti kazinyamula katundu wotero. Ntchito yake ndi kukankha ndi kukoka chitseko chimene sipuling'i yachipepula kale. Sipuling'i zambiri zimapangidwa kuti zitsegule ndi kutseka maulendo pafupifupi 10,000, ndiye nyumba imene chitseko chimayenda kanayi patsiku, pakatha zaka 7 sipuling'iyo yafika kumapeto a moyo wake. Ikayamba kufooka mota ndiyo imavutika: imalira, imatentha, magiya ake amadyeka, kenako mwini nyumba n'kumati mota yatha. Akagula yatsopano, nayonso sikhalitsa.

Mungayese nokha Loweruka likubwerali. Chitseko chili chotseka, kokani kachingwe kofiira kolendewera pa njanji ya mota, kamene kamalekanitsa chitseko ndi mota. Kwezani chitsekocho ndi manja mpaka chifike m'chiuno, n'kuchisiya pang'onopang'ono, ana ali kutali. Chitseko chabwino chimaima pomwepo, kapena kusuntha pang'ono chabe. Chikagwa mwamphamvu, kapena chikakhala cholemera moti mukufunika kuitana bambo kuti akuthandizeni, sipuling'i yafooka. Chikamakakamira pena pake, onani mawilo ndi njanji za m'mbali. Pamenepa ndikuchondererani: sipuling'i ndi zingwe zachitsulo za m'mbali musazikhudze, bambonso asazikhudze ngakhale ali ndi sipanala zabwino. Sipuling'i yopotedwa imasunga mphamvu yoti ikhoza kuthyola dzanja kapena nsagwada. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi zitsulo zake zopotera.

Chachiwiri chikukhudza mwana wanu wa zaka 4, ndipo kwa ine ndicho chachikulu pa nkhani yonseyi. Mukamatseka ndi rimoti mumakhala mukuona chitseko. Mukamatseka ndi foni muli ku Sandton simukuona kanthu. Pansi pa chitsekocho pakhoza kukhala mwana, galu, njinga kapena kumbuyo kwa galimoto. Choncho musanaganize zotseka muli kutali, mota yanu iyenera kukhala yodziwa kubwerera yokha ikagunda kanthu. Goneketsani thabwa lokhuthala masentimita 4 pansi, pakati pa khomo, ndipo tsekani ndi rimoti. Chitseko chikangoligunda chiyenera kubwerera m'mwamba. Chikapitiriza kulipanikiza, ndiye kuti mphamvu ya mota inaikidwa yochuluka, kapena motayo ndi yakale kwambiri yosadziwa kubwerera.

Kuonjezera apo pamafunika timaso tiwiri toyang'anizana m'munsi mwa khomo, amisiri amati mabimu. Kamodzi kamatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, kachiwiriko kamalandira, ndipo chinthu chikadutsa pakati chitseko sichitsika. Timaikidwa osapitirira masentimita 15 kuchokera pansi, kuti ngakhale mwana wokwawa timuone. Ku America, ana atafa popanikizidwa ndi zitseko zotere, lamulo linakhazikitsa kuti kuyambira mu 1993 mota iliyonse yatsopano izikhala ndi chitetezo chachiwiri ngati chimenechi. Komweko, chipangizo chotseka chitseko mwini wake ali kutali chimayenera kuliza belu ndi kuphethiritsa nyali kwa masekondi osachepera 5 chitseko chisanayambe kuyenda. Ku Joni kuno ndalowa m'magalaja ambiri opanda mabimu, chifukwa woika anafuna kuti mtengo uoneke wotsika. Ngati kwanu mulibe, ndalama yanu yoyamba ipite kumeneko. Ine sindilola kuika chotsekera pa foni m'nyumba ya ana aang'ono mabimu palibe.

Tsopano tibwere ku funso lanu. Mota zambiri zili ndi batani lapakhoma, ndipo kuseri kwa motayo kuli timabowo tiwiri tolowa mawaya a batanilo. Mawaya awiriwo akagundana kwa kanthawi, chitseko chimayenda. Kachipangizo ka wifi kogulitsidwa padera kamangokhala ngati chala chimene mwasiya m'galaja kuti chizikudinirani batani mukachiuza pa foni. Kamalumikizidwa pa timabowo tomweto, kamagundanitsa mawaya kwa theka la sekondi kapena sekondi imodzi, basi. Pali opangidwira magalaja okhaokha, monga a Meross, ndiponso timaswichi ta ntchito zosiyanasiyana monga ta Shelly ndi Sonoff, timene mmisiri amatha kutisandutsa totsegulira galaja. Mtengo wake ndi kagawo kochepa poyerekeza ndi mota yatsopano. Ngati mmisiri wasankha kaswichi ka ntchito zosiyanasiyana, kakhale kamene pabokosi palembedwa kuti dry contact, kutanthauza kuti sikatumiza magetsi ake m'mawayawo. Kaswichi kopangidwira nyali, kamene kamatulutsa mavoti 230, kakalumikizidwa pa timabowo ta batani kamawotcha bolodi ya mota, kathabwa ka tizipangizo tamagetsi kamene kamaiyendetsa, nthawi yomweyo.

Koma kachipangizo kokha sikangathetse nkhawa yanu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagula molakwika. Batani la galaja ndi limodzi: mukadina chitseko chimatseguka, mukadinanso chimaima, mukadinanso chimatseka. Silidziwa kuti chitseko chili pati. Tiyerekeze kuti muli pamsewu, mwakayika, n'kudina pa foni kuti mutseke, pamene chinali chotseka kale. Mwachitsegula, ndipo chikhala chotsegula tsiku lonse inu mukuganiza kuti mwatseka. N'chifukwa chake pamafunika sensa youza foni mmene chitseko chilili. Yodalirika kwambiri ndi ya maginito: mbali imodzi imamatidwa pa chitseko, inayo pakhoma kapena pa njanji, yolumikizidwa ndi kawaya. Zikayandikana foni imati chatsekeka, zikatalikirana imati chatseguka. Ilipo ina yopanda waya imene imamatidwa pa chitseko n'kumamva kupendeka kwake. Ndi yosavuta kuika, koma ili ndi kabatire kamene kamatha mwakachetechete, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July. Ine ndimakonda ya waya. Iikidwe pamalo oti izinena kuti chatsekeka pokhapokha chitseko chafika pansi penipeni, osati chikatsala mpata woti munthu n'kukwawira.

Si mota zonse zimene zimalola kachipangizo koteroko. Zina zatsopano, makamaka za Chamberlain ndi LiftMaster zokhala ndi kabatani kachikasu kophunzitsira marimoti, batani lake lapakhoma limalankhula ndi mota m'chinenero chawochawo, ndipo kugundanitsa mawaya sikuchita kanthu. Mota zofala ku South Africa, monga za Centurion, ET ndi Digidoor, kawirikawiri zimakhala ndi polowetsa mawaya a batani wamba. Jambulani chithunzi cha chikwangwani cha mota yanu, pamene pali dzina ndi nambala yake, mufanizire ndi mndandanda wa mota zogwirizana umene opanga kachipangizoko amalemba. Ngakhale itakana, njira ilipo: mmisiri amatenga rimoti yapadera n'kuwotcherera mawaya pa batani lake, kachipangizo kaja n'kumadina rimotiyo.

Nanga woika mamota uja ananama? Mwina ayi. Pali nthawi imene inenso ndimauza munthu kuti achotse mota. Ngati yalephera mayeso a thabwa aja ndipo singathe kukonzedwa, ichotsedwe. Ngati ilibe polumikiza mabimu, ichotsedwe. Ngati ilibe batire ndipo singaikidwe batire, ganizirani mozama. Ngati zipangizo zake sizipezekanso m'masitolo, tsiku limene bolodi idzapse mudzaigula yatsopano mopupuluma. Koma ngati chifukwa chokha chimene akupereka n'chakuti ilibe wifi, chimenecho si chifukwa chokwanira. Mufunseni akuuzeni chenicheni chimene chalakwika pa mota yanuyo, akusonyezeni ndi maso.

Mukasankha yatsopano, samalani ndi mawu akuti smart olembedwa pa bokosi. Mota zina zotchedwa choncho zimalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndipo Bluetooth imafika mamita ochepa chabe. Zimathandiza mmisiri poika ndi kufufuza zolakwika, zimathandizanso inu mukaima pakhomo, koma muli kuntchito sizikuuzani kanthu pokhapokha pataonjezedwa chipangizo china. Funso loti mufunse ndi ili: ndikakhala ku Lilongwe pa tchuthi, kodi foni yanga idzandionetsa ngati chitseko chili chotseka? Palinso zipangizo zogwiritsa ntchito SIM khadi m'malo mwa wifi, monga G-ULTRA ya Centurion. Zimenezi n'zabwino pamene wifi sifika, monga pa geti lakutali ndi nyumba, koma SIM imafuna kusamalidwa kuti isatsekedwe chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Kwa bambo a kunyumba, mwaulemu wonse, mota ya ku America ayisiye. Magetsi a kumeneko ndi a mavoti 120, pamene ku South Africa ndi ku Malawi ndi 230. Mukaibaya pakhoma imapsa. Marimoti a kumeneko ambiri amayenda pa 315 kapena 390 MHz, pamene kuno ambiri ali pa 433 MHz, ndiye rimoti ikasowa simudzaipeza m'sitolo yapafupi. Njanji yake ndi yaitali, yodula kutumiza, ndipo ikawonongeka palibe amene adzalemekeze galanti yake. Kachipangizo kakang'ono kaja n'kamene kangaitanitsidwe kunja, bola chaja yake ilembedwe kuti imalandira mavoti 100 mpaka 240. Komabe mitundu imene ndatchula ija imapezeka konkuno, ndipo kugula pafupi kumakupatsani kobweza.

Za wifi yeniyeniyo ndinena mwachidule. Pafupifupi zipangizo zonsezi zimamva wifi ya 2.4 GHz yokha, osati ya 5 GHz. Marauta amakono, timabokosi tomwaza wifi pakhomo, amaphatikiza ziwirizi pa dzina limodzi, ndipo ichi ndicho chimalepheretsa anthu ambiri pa tsiku loika. Pozimitsa 5 GHz kwa kanthawi zimatheka. Galaja ndi malo ovuta chifukwa cha makoma a njerwa, malata ndi chitseko chachitsulo. Musanagule kanthu, tsekani chitseko, imani pansi pa mota, kwezani foni m'mwamba muone ngati kanema akuseweredwa osadukaduka. Akamadukaduka, rauta isunthidwe kapena paikidwe chowonjezera mphamvu ya wifi pafupi ndi galaja. Kanthu kena kakang'ono: mababu ena a LED otchipa amasokoneza marimoti. Rimoti ikayamba kugwira pafupi pokhapokha mutangosintha babu la m'galaja, yambani mwakayikira babulo.

Nkhani ya magetsi mukuidziwa bwino, inu amene munapirira load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kwa ku South Africa, ya 2022 ndi 2023, ndipo owerenga a kumudzi akudziwa za kuthimathima kwa magetsi a ESCOM. Pali zinthu zitatu zofuna moto: mota, kachipangizo ka wifi, ndi rauta pamodzi ndi kabokosi ka faiba, kamene kamalowetsa intaneti m'nyumba. Chimodzi chikazima, foni yanu sigwira ntchito. Mota zambiri za kuno zili ndi batire mkati, koma batire la mtundu umenewu limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo magetsi akamathima pafupipafupi limatha msanga kuposa apo, chifukwa silipeza nthawi yodzaza. Liyeseni: zulani pulagi ya mota pakhoma, mutsegule ndi kutseka kangapo. Chitseko chikamayenda mozengereza kapena kuima panjira, batire latopa. Rauta ndi kabokosi ka faiba zikhale pa ka UPS kakang'ono, kabatire kopereka moto magetsi akathima. Kachipangizo ka wifi, ngati kamalola mavoti 12 kapena 24, mmisiri angathe kukapatsa moto kuchokera pa mota yomweyo kuti kazidyera pa batire lake, atawerengera kaye ngati motayo ingakwanitse.

Batire si nkhani ya ulesi. Mu 2017 moto wolusa wa m'tchire unawononga madera a ku California, magetsi anazima, ndipo anthu ena, makamaka okalamba, anafa chifukwa analephera kukweza zitseko za magalaja kuti atulutse galimoto. Zitatero, boma la California linalamula kuti kuyambira pa 1 July 2019 mota iliyonse yogulitsidwa kapena kuikidwa kumeneko izikhala ndi batire. Aliyense wamkulu m'nyumba mwanu, ndi mwana wamkulu yemwe, aphunzire kukoka kachingwe kofiira kaja ndi kukweza chitseko ndi manja, mumdima, asanakumane ndi tsiku loti achite zimenezi mothamanga. Apa mukuonanso chifukwa chake ndinayambira pa sipuling'i: chitseko chosapepulidwa bwino simungachikweze nokha. Kachingweko kazikokedwa chitseko chili chotseka, chifukwa mukakakoka chili m'mwamba pamene sipuling'i yafooka, chimagwa. Ngati galaja yanu ilibe khomo lina lolowera, uzani mmisiri aike loko ya kiyi kunja yolumikizidwa ku kachingweko, apo ayi tsiku limene mota idzafe galimoto idzatsekeredwa mkati. Ndipo popeza dera lanu limadziwika ndi mphezi m'nyengo ya mvula, pulagi ya mota ikhale ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Mabolodi ambiri amene ndasintha anaphedwa ndi mphezi kapena ndi magetsi obwerera atathima.

Tsopano akuba. Mantha anu ali ndi maziko, koma khomo limene lili pangozi lero si la pa intaneti. Ndi rimoti yosowa ija, pamodzi ndi ina iliyonse imene mwini nyumba wakale anapatsa achibale, ogwira ntchito kapena omanga, n'kuiwala. Mota imakumbukira rimoti iliyonse imene inaphunzitsidwa mpaka wina ataifufuta. Sabata ino, wifi isanabwere, fufutani marimoti onse m'mota ndi kuphunzitsanso okhawo amene ali m'manja mwanu. Buku la motayo limafotokoza kachitidwe kake, ndipo kwa mmisiri ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Tsegulaninso rimoti yotsalayo muone mkati. Mukapeza mzere wa timaswichi ting'onoting'ono 8 mpaka 12, ndi ya mtundu wakale wotumiza nambala imodzimodzi tsiku lililonse. Timaswichi 12 timapereka manambala 4,096 okha. Mu 2015 katswiri wa chitetezo cha makompyuta Samy Kamkar anaonetsa kuti ndi chidole cha ana chimene anachisintha, ankatha kuyesa manambala onse ndi kutsegula galaja yotere m'masekondi osakwana 10. Rimoti yoteroyo imakopedwanso mosavuta. Zamakono zimasintha nambala nthawi iliyonse mukadina, ndipo njira yotchuka ya zimenezi, yotchedwa KeeLoq, inapangidwa ku South Africa konkuno m'zaka za m'ma 1980 isanagulidwe ndi kampani ya Microchip mu 1995. Ngati yanu ndi ya timaswichi, simukufunika mota yatsopano pa chifukwa chimenechi chokha. Mmisiri angaike cholandirira chatsopano cha nambala zosinthasintha ndi kuletsa chakalecho.

Za pa intaneti nazo zimachitika. Mu April 2023 wofufuza wina, Sam Sabetan, anaulula kuti zipangizo za magalaja za kampani ya Nexx zinkagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi pa zipangizo zonse, moti woidziwa akanatha kutsegula magalaja a anthu osawadziwa, ndipo bungwe la boma la America loona za chitetezo cha makompyuta, CISA, linachenjeza anthu. Phunziro lake kwa inu n'lakuti musagule chipangizo chopanda dzina chifukwa chotchipa. Sankhani kampani imene imatulutsabe zokonza za pulogalamu yake, ndipo foni ikakuuzani kuti pali zatsopano, lolani. Akaunti ya app ikhale ndi pasiwedi yakeyake, yaitali, imene simugwiritsa ntchito pa Facebook kapena pa imelo, ndipo ngati app ikulola kutsimikizira ndi nambala yachiwiri yobwera pa foni, yatsani. Foni yanunso izikhala yokhoma, chifukwa tsopano yasanduka kiyi wa nyumba. Ngati muli ndi Alexa kapena Google m'nyumba, tizipangizo tomvera mawu a munthu, musalole kuti atsegule galaja ndi mawu okha popanda nambala yachinsinsi. Mawu amalowa pa windo.

Pali chinthu china chimene ogulitsa satchula. Zipangizo zambiri, mukadina pa foni, uthenga umapita kaye ku makompyuta a kampani kutsidya kwa nyanja, n'kubwerera ku galaja yanu. Kampaniyo ikasintha maganizo, inu mulibe chonena. Mu April 2022 kampani ya Insteon, yopanga zipangizo za m'nyumba zoyendetsedwa pa foni, inazimitsa makompyuta ake mwadzidzidzi, ndipo app yake inasiya kugwira ntchito m'nyumba za anthu mpaka ena atadzaigula. Chakumapeto kwa 2023 Chamberlain inatseka njira imene mapulogalamu ena, monga Home Assistant yoyendetsera zipangizo za m'nyumba, ankalankhulira ndi zitseko zoyendera app yake ya myQ, ndipo anthu amene anadalira njirayo anatsala manja m'khosi. Chifukwa cha zimenezi ine ndimakondera zipangizo zimene zimagwirabe ntchito pa wifi ya m'nyumba ngakhale intaneti itaduka. Za Shelly zimatero, ndipo zogwirizana ndi Apple Home nazonso zimalankhula ndi foni mwachindunji mukakhala pakhomo. Funsaninso ngati pali ndalama yolipira mwezi ndi mwezi. Ndipo chilichonse chimene mungasankhe, rimoti ndi batani lapakhoma zikhalebe. Rimoti ndi yofulumira, sidalira netiweki, ndipo mukamayendetsa galimoto ndi yotetezeka kuposa kufufuza app pa foni.

Mu app mudzapeza mbali yoti chitseko chizitseguka chokha foni yanu ikayandikira nyumba. Ku Joni musayatse zimenezo. Mukudziwa kuti achifwamba ambiri amalanda galimoto pakhomo, munthu akudikira geti kapena chitseko. Muyenera kuyamba mwaona msewu, kuona ngati pali galimoto yokutsatirani, kenako n'kutsegula. Chitseko chotseguka chokha muli pa mtunda wa mamita mazana awiri chimapatsa mpata woyenda pansi kuti alowe n'kubisala. GPS ya foni imalakwitsanso, ndipo ikhoza kutsegula mukungodutsa mumsewu wapafupi. Mbali yotseka yokha pakapita mphindi zingapo ndi yothandiza, koma pokhapokha mabimu alipo ndipo ayesedwa. Imene ingakupatseni mtendere ndi ya mauthenga: foni izikuuzani chitseko chikatseguka, chikatsekeka, komanso chikakhala chotsegula kupitirira mphindi 5 kapena 10. Anthu ambiri amene ndawaikira amapezeka kuti batani lotsegulira pa foni saligwiritsa ntchito kawirikawiri, koma uthenga wakuti chatsekeka amauyang'ana tsiku lililonse. Kakamera kakang'ono koyang'ana khomo la galaja mkati kamathandizanso, kuti muziona pansi pa chitseko musanadine.

Mbava zina sizifuna n'komwe luso la makompyuta. Zimapanikiza pamwamba pa chitseko, kulowetsa waya wopinda n'kukola kachingwe kofiira kaja, chitseko n'kumasuka. Pali tizitsulo totchinga timene timaikidwa kutsogolo kwa kachingweko. Musakadule kapena kukamangirira kolimba, chifukwa n'komwe kadzakupulumutseni pa moto. Khomo lochokera m'galaja kulowa m'nyumba lizikhomedwa ngati khomo lakunja. Rimoti isamagone m'galimoto poonekera, makamaka pamodzi ndi mapepala olembedwa adiresi yanu. Ngati muli ndi alamu yolumikizidwa ku kampani yachitetezo, kumbukirani kuti mukatsegulira munthu galaja pa foni alamu ili yotchera, idzalira ndipo alonda adzabwera, choncho kambiranani ndi kampaniyo za mmene galaja yaikidwira pa alamuyo.

Mwana wamkuluyo mumupatse akaunti yakeyake ngati mlendo mu app, osati pasiwedi yanu. Chimodzimodzi wogwira ntchito pakhomo. Mapulogalamu ena amalola kuti munthu azitsegula masiku ndi maola amene mwasankha okha, ndipo akasiya ntchito mumangomuchotsa popanda kusintha chilichonse. Auzeni poyera kuti app imalemba nthawi imene chitseko chatsegulidwa. Munthu akazidziwira yekha pambuyo pake amamva ngati mumamuzonda, ndipo ndaona zimenezi zikuyambanitsa anthu m'banja. Batani lapakhoma likhale pamwamba, mamita osachepera 1.5 kuchokera pansi, pamene wamng'onoyo sangafikire, ndipo foni imene mumamubwereka kuti aonere makatuni isakhale ndi app yotsegulira.

Kumata sensa, kulumikiza kachipangizo kokhala ndi chaja yakeyake pa timabowo ta batani, ndi kuika app, munthu wodekha wowerenga malangizo angachite yekha, atazula kaye pulagi ya mota ndi kuchotsa waya wa batire. Itanani mmisiri ngati chitseko chalephera kuima pakati, ngati mukuona mpata pa sipuling'i kapena chingwe chachitsulo chikuyamba kuthothoka, ngati chitseko chikukwera chopendekera, ngati sichinabwerere pa thabwa, kapena ngati simukudziwa kuti ndi timabowo titi ta batani. Soketi yatsopano padenga ndi ntchito ya wamagetsi wovomerezeka amene angakupatseni setifiketi, chifukwa a inshulansi amaifunsa pakachitika ngozi ya moto. Ngati nyumba yanu ili mu complex, mpanda wa nyumba zambiri za geti limodzi, onani kaye malamulo a body corporate, bungwe la eni nyumbazo, pakuti ena amaletsa kusintha chitseko kapena kuika chipangizo pa geti la onse popanda chilolezo.

Pezani mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu, aliyense alembe padera mtengo wa sipuling'i, mabimu, batire, kachipangizo ka wifi ndi ntchito yake, kuti muone chimene mukulipira. Akaunti ya app itsegulidwe pa imelo yanu, pa foni yanu, osati ya mmisiri, ndipo akamaliza musinthe pasiwedi. Musanamulipire ndalama yomaliza, agoneke thabwa pansi inu mukuona, adutsitse tsache pa mabimu chitseko chikutsika, azule pulagi n'kutsegula ndi batire, kenako inu muzimitse wifi pa foni yanu, muyatse data, mutuluke kumsewu muone ngati app ikunena zoona za chitsekocho.